Ndikufuna kutumiza katoni kumudzi pa positi ya kuno ku Philippines, ndikanene chiyani pa kauntala?

NaBanda_Silang
Moni nonse apagulu. Ndine mlendo kuno, tili ku Silang, Cavite, amuna anga ndi amene akuphunzira. Ndalongedza katoni yoti ipite kwa mayi anga ku Ntcheu Khirisimasi isanafike. Muli nsalu, nsapato za ana a achemwali anga, mango ouma aja a m'mapaketi, ndi tina ndi tina. Bambo akunyumba ali pa mayeso, akuti ndipite ndekha ku positi. Chingerezi ndimatha ndithu, koma ku msika ndikayankhula ena amangomwetulira n'kukaitana mnzawo. Ndithandizeniko timawu ta Chitagalog toti ndikanene: kufunsa mtengo, masiku angati, risiti, zoterozo. Ndisakangoima ngati chitsa pamaso pa anthu.

ChamboWaQC
Asisi musadzivutitse. Ku positi aliyense amamva Chingerezi, mafomu onse ndi a Chingerezi. Kuno zilankhulo za boma ndi ziwiri, Filipino ndi Chingerezi, zili m'malamulo awo a 1987. Pitani mukangoti good morning, zitheka.

Mbuya_LosBanos
@ChamboWaQC inu muli ku Quezon City, n'chifukwa chake. Positi za m'matauni ang'onoang'ono n'zina. Chingerezi amamva inde, koma chathuchi ndi chawo zimasiyana kamvekedwe, ndipo pamzere pakakhala anthu ambiri amachita manyazi kukufunsa kachiwiri. Amangoti yes ma'am pomwe sanamve.

Mayi NaBanda, nazi zomwe ine ndimanena, m'ndondomeko yake momwe zimachitikira.

Pakhomo nthawi zambiri pamakhala mlonda. Mupatseni moni, "Magandang umaga po" ngati ndi m'mawa, "Magandang hapon po" ngati dzuwa lapendeka. Kenako "Saan po ang pila?" ndiye kuti mzere uli pati. Mukapeza anthu angoti mbwee osadziwika woyamba ndani, funsani "Sino po ang huli?", womaliza ndani, muime pambuyo pake.

Mukafika pa kauntala, chiganizo chachikulu ndi ichi: "Magpapadala po ako ng package sa Malawi." Ndikufuna kutumiza phukusi ku Malawi. Mawu akuti package musawasinthe, eni akenso amatero. M'mabuku mupeza koreo, mupeza tanggapan ng koreo, koma sindinamvepo munthu pamsewu akutchula choncho, onse amati post office. Mukaika katoni pa sikelo munene "Pakitimbang po", ndipimireniko. Kenako "Magkano po?", ndi zingati. Akakupatsani mitengo iwiri kapena itatu, "Alin po ang mas mura?" ndi yotsika mtengo ndi iti, "Alin po ang mas mabilis?" yachangu ndi iti. Za masiku: "Ilang araw po bago dumating?" Pomaliza "Pahingi po ng resibo" ndi "Salamat po."

Kamawu kakuti po musakaiwale. Ndi ulemu wawo, monga ife timati inu m'malo mwa iwe. Ndipo iwonso ali nako kusiyanitsa kumeneko: kayo ndi inu, ikaw ndi iwe. Wa pa kauntala ndi kayo, ngakhale akhale kamtsikana kofanana ndi mwana wanu. Povomera muziti opo, osati oo.

NaBanda_Silang
Zikomo kwambiri ambuya, ndakopera zonse mu foni. Koma ng uyu wopanda mavawelo amatchulidwa bwanji?

Mbuya_LosBanos
Nang', ndi ng' wa pa ng'ombe kumapeto kwake. Apa ife Amalawi tili ndi mwayi, azungu amavutika ndi mawu ngati ngayon, kutanthauza tsopano, pomwe ife timangoti ng'ayon basi. Mukaona mga, mutchule mang'a. Komanso p, t ndi k wawo ndi wopanda mpweya, wa pa pita, tola, kana, osati wa pa phiri kapena khasu. Chokhacho muchenjere nacho ndi chizolowezi chathu chowonjezera i kumapeto. Ndi salamat, osati salamati.

Kabaza_Davao
Zonsezo n'zabwino koma mwaiwala chachikulu. MALAWI. Mukangoti "sa Malawi", theka la anthu kuno amamva Marawi, mzinda wa ku Lanao del Sur kuno ku Mindanao, uja kunali nkhondo kuyambira May mpaka October 2017. Ndiye ife ndi l ndi r wathu wosasiyanitsayu, mukuona kwake. Wa pa kauntala akuwerengerani mtengo wa m'dziko momwe muno, inu n'kusangalala kuti positi ya kuno ndi yotchipa, mpaka aone pa katoni. Nenani chonchi: "Sa Malawi po, sa Africa. Hindi po Marawi." Ndipo pa katonipo lembani MALAWI m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake AFRICA.

ChamboWaQC
Apa ndavomera. Ine woyendetsa takisi anandifunsapo ngati kwathu nyumba zinamangidwanso nkhondo itatha.

Sister_Iloilo
Ine amandifunsa ngati ndi kufupi ndi Hawaii. Ena amati Mali. Ndimayenda ndi mapu mu foni, ndimangowaonetsa nyanja.

Mphunzitsi_Baguio
Pa za dzinali ndiwonjezereko. Pa kompyuta yawo amasankha dziko pa mndandanda, ndipo pafupi ndi Malawi pali Malaysia, Maldives ndi Mali. Si kuti ndi osasamala ayi, koma ku Malaysia kumapita katundu tsiku ndi tsiku pomwe wa ku Malawi angathe chaka osamuona. Ndiye risiti ikatuluka, musanachoke pa zenera, werengani dzina la dziko. Zilembo za dziko lathu ndi MW. Ngati pali nambala yolondolera katundu, imakhala ya zilembo 13: malembo awiri kutsogolo, manambala 9 pakati, kumapeto PH. Ya EMS, positi yachangu ija, imayamba ndi E, ya registered imayamba ndi R, ya phukusi wamba imayamba ndi C. Funso lake ndi "May tracking number po ba?" Ijambuleni risitiyo tsiku lomwelo chifukwa zina inki yake imafufutika ndi kutentha kwa kuno.

Komanso mayi, musananyamule katoni kukwera nayo tricycle, njinga yamoto ya matayala atatu ija, pitani kaye chimanjamanja mukafunse "Tumatanggap po ba kayo ng padala papuntang Malawi?", kodi mukulandira katundu wopita ku Malawi. Nthawi ya mliri mu 2020 positi zambiri padziko zinaimitsa kutumiza ku mayiko ena chifukwa ndege sizinkayenda, ndipo njira zimatsegulidwa ndi kutsekedwa malinga ndi ndege. Safunsa anadya phula.

Kabaza_Davao
Aphunzitsi afika ndi choko chawo.

Mphunzitsi_Baguio
Ndinasiya choko ku Dedza achimwene, kuno ndine mwana wasukulu.

AChisale_Cavite
Ine ndikutsutsana nanu pang'ono a Mbuya_LosBanos. Vuto la kuloweza ziganizo ndi lakuti ukazinena bwino, amaganiza kuti umatha chilankhulo. Iwe wati magpapadala po ako mosadodoma, mayi uja nkhope yawala, wayamba kuthamanga nacho Chitagalog, anzake a mkati abwera kudzaona Mwafirika wolankhula chawo, iwe sukumvapo ngakhale limodzi. Zofunika kuphunzira si zomwe iwe unene ayi. Ndi zomwe IWO akufunse. Zako ukhoza kuloza ndi chala, koma funso lawo ukapanda kulimva n'kungoti opo, wavomera zomwe sukudziwa.

Mafunso ake ndi ochepa ndipo sasintha. "Ano po ang laman?" muli chiyani mkatimu. Liwu loti mugwire ndi laman. Mayankho: damit ndi zovala, tela ndi nsalu, sapatos ndi nsapato, pagkain ndi chakudya, libro ndi buku, gamot ndi mankhwala. "May baterya po ba?" muli batire. "May likido?" muli zamadzimadzi. "May babasagin?" muli zosweka. Ngati mulibe, "Wala po." Ngati muli, "Meron po." Akati "Pakibuksan po" akuti tsegulani. Mukamva bawal, kapena "hindi po pwede", chinthucho n'choletsedwa, chotsani, musakangane. "Pakipirmahan po dito" ndi sainani apa. Ndipo mukamva "Balik na lang po kayo bukas", nyamulani katoni yanu, akuti mubwere mawa.

Chida changa ine ndi ichi: "Konti lang po ang Tagalog ko." Chitagalog changa n'chochepa. Ndimanena nditangopereka moni. Amaseka, kenako amalankhula pang'onopang'ono kapena kusakaniza ndi Chingerezi, zomwe ndi zomwe ndimafuna.

Mbuya_LosBanos
Simukutsutsana nane a Chisale, mwangomaliza zomwe ndinayamba. Ndiwonjezere ziwiri pa chida chanucho: "Pakiulit po", bwerezaninso, ndi "Pakisulat po", ndilembereni. Chachiwirichi n'chofunika pa mtengo.

NaBanda_Silang
Pakibuksan? Ndiye kuti atsegula? Ine ndamata kale ndi selotepi mbali zonse, ndamanganso ndi chingwe.

AChisale_Cavite
Matulani asisi. Konse komwe ine ndatumizirako amafuna aone mkati kaye. Pitani nayo yotsegula pamwamba, tepi ndi sizasi m'chikwama, mukamatire komweko akaona. Tengani cholembera chanu ndi maka yakuda. Chiphaso musaiwale, pasipoti kapena ACR I-Card, chiphaso cha alendo okhala kuno, ngati inatuluka.

Sister_Iloilo
Ndipo chingwecho chotsani, chimakola m'makina.

Usipa_Cebu
Ndikuona aliyense akungoti Chitagalog Chitagalog ngati dziko lonse ndi Manila. Kwa amene adzawerenge izi ali kuno ku Cebu, Bohol, Dumaguete, Cagayan de Oro kapena Davao: kuno ndi Chibisaya. Chitagalog amamva poti amaphunzira kusukulu, koma ambiri ukawalankhula Chitagalog amakuyankha m'Chingerezi, ndipo po kuno kulibe. Moni wa m'mawa ndi "Maayong buntag." Ndikufuna kutumiza ichi: "Magpadala ko ani sa Malawi." Ndi zingati: "Pila?" kapena "Tagpila?" Masiku angati: "Pila ka adlaw?" Chonde ndi palihog, zikomo kwambiri ndi "Salamat kaayo." Iwo akafunsa za mkati amati "Unsay sulod?" Choletsedwa, "dili pwede." Ndipo pila yemwe ambuya akuti ndi mzere ku Luzon, kuno ndi funso la mtengo, ndiye musadabwe mukafunsa mzere n'kuuzidwa ndalama.

Kabaza_Davao
Ku Davao timasakaniza zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi, palibe amene amadandaula.

Mphunzitsi_Baguio
Kuno kumapiri ambiri ndi Chiilocano, koma Chingerezi cha anthu a ku Cordillera n'chomveka bwino kwambiri, moti pano mfundo ya a ChamboWaQC imagwira. Mayi NaBanda ali ku Cavite, kumeneko ndi kwa Atagalog enieni, ndiye za ambuya ndi zomwe akufunika.

Usipa_Cebu
Poti tanena za Cebu, mango oumawo ndi akuno asisi, mwasankha bwino. Koma kodi a ku Luzon nsima mukudya? Kuno chimanga choyera chogaya chili pamsika paliponse, amati bugas mais, eni ake amaphika ngati mpunga. Ukapeza chosalala kwambiri, kapena ukachigayitsanso, nsima yake ndi mgaiwa weniweni.

ChamboWaQC
Mukutipweteka mtima. Ife kuno tikukandira semolina.

NaBanda_Silang
Ndiwo zokha ndiye sindikudandaula. Kholowa ali mbwee, amati talbos ng kamote. Ndapezanso therere, denje amene akuti saluyot, ndi chammwamba chomwe kuno amathira mu supu ya nkhuku. Nkhwani ndinachita kupempha kwa mayi wina wolima maungu, anadabwa kuti ndikufuna masamba osati dzungu.

Sister_Iloilo
Chammwamba ndi malunggay. Kwathu ku Nsanje chimangomera pa mpanda, kuno mpaka amathira mu buledi.

Usipa_Cebu
A Chambo nditumizireni keyala ku inbox, ndikuponyerani makilo asanu pa LBC, kampani yotumiza katundu. Za m'dziko momwe muno sizivuta.

Admin_Gulu
Abale, za nsima zili ndi ulusi wake. Mayiwa afunsa za positi.

Mbuya_LosBanos
Tabwerera a Admin. Za ndalama sitinazikambe bwino. Manambala a Chitagalog ndi isa, dalawa, tatlo, apat, lima, ndipo isang daan ndi 100, isang libo ndi 1,000. Koma pa mtengo kawirikawiri satchula amenewo. Ndalama zing'onozing'ono amatchula m'Chisipanishi, poti Spain inalamulira kuno zaka zoposa 300 mpaka 1898: bente ndi 20, trenta 30, singkwenta 50. Nthawinso chimodzimodzi, alas-dose ndi 12 koloko, alas-singko ndi 5 koloko. Ndalama zikuluzikulu amatchula m'Chingerezi koma modula. Akati "two-five" si mapeso 25, ndi 2,500. "One-eight" ndi 1,800. Apa ndi pomwe pakisulat po amagwira ntchito, akulembereni pa kapepala kapena akuonetseni pa kakyuleta.

Tengani ndalama zosinthasintha. Mukatulutsa ya 1,000 pa mtengo waung'ono mumva "May barya po kayo?", muli ndi zing'onozing'ono. Chenje chomwe akubwezereni ndi sukli. Ndipo pa positi palibe kunenerera ngati pa msika, mtengo ndi wa sikelo. Mukhoza kudandaula kuti "Ang mahal naman po", zadula bwanji, aseka nanu limodzi koma sachotsa ngakhale peso imodzi.

AChisale_Cavite
Funso lomwe palibe wayankha: muwaitana kuti chiyani? Pa kauntala ya boma ndi Ma'am kapena Sir basi. Mlonda ndi wa tricycle ndi Kuya, ndiye kuti achimwene. Mayi wogulitsa makatoni panja ndi Ate, achemwali. Wachikulire kwambiri mukhoza kuti Manong kapena Manang. Inuyo akuitanani Ma'am, musatembenuke kufunafuna mzungu.

Fr_Katipunan
Moni nonse. Ndawerenga mochedwa, tinali ndi maphunziro. Ndikufuna ndinenepo za mbali ya kumudzi, chifukwa Chitagalog chikhoza kuyenda bwino kuno katundu n'kukasochera kwathu.

Kuno keyala ndi nyumba, msewu, barangay (dera laling'ono ngati mudzi), tauni, chigawo ndi ZIP code ya manambala anayi, ndipo kartero, wa makalata uja, amafika pakhomo. Ndiye wa pa kauntala akaona keyala ya P.O. Box yokha amadabwa, amafunsa "Wala po bang street?" Muwauze kuti kwathu katundu amakatengera ku positi. Lembani dzina la mayi anu monga lilili pa chiphaso chawo cha unzika, osati NaPhiri kapena Make Chikondi monga timawaitanira. Ngati bokosilo ndi la sukulu kapena la tchalitchi, monga zimakhalira kumidzi, muwauziretu ahedi kapena abusa kuti kubwera kapepala. Nambala ya foni ya wolandira ilembedwe pa katoni ndi pa fomu, kuyamba ndi +265. Kapepala kena ka keyala yomweyo kalowe mkati mwa katoni, kuchitira kuti ya kunja ikanyowa.

Pa fomu mawu awiri oti muwadziwe akamakulozerani: nagpadala ndi wotumiza, tatanggap ndi wolandira. Fomu ya kasitomu ndi CN22 pa timapaketi ting'onoting'ono, CN23 pa katundu wamkulu. Imalembedwa m'Chingerezi, ndipo musangolemba kuti mphatso. Tchulani chilichonse, kuchuluka kwake ndi mtengo wake woona. Akakufunsani ngati ndi malonda, "Regalo lang po, hindi po pambenta", ndi mphatso chabe, si zogulitsa. Zovala zovalidwa kale, "gamit na po." Koma dziwani kuti kukhala mphatso sikutanthauza kuti kwathu sangalipiritse msonkho, ndiye mayi asapite ku positi opanda kanthu m'thumba.

NaBanda_Silang
Zikomo bambo mfumu. Bokosi ndi la sukulu ya pulayimale, achimwene anga amaphunzitsa pomwepo. Ndilemba dzina lawo m'malo mwa la mayi, iwo ndi amene ali ndi njinga. Nanga muli kabotolo ka perefyumu ndi tochi ya sola, komanso njere za ampalaya, ndiwo yowawa yooneka ngati nkhaka, zomwe mayi akufuna akayese kudzala.

Mphunzitsi_Baguio
Zitatu zonsezo ndi bawal kapena pafupi ndi bawal. Perefyumu, pabango m'chilankhulo chawo, ali ndi spiriti, ndi zoyaka, ndege sizilola pa positi. Chimodzimodzi zopopera ndi polishi wa zikhadabo. Tochi ya sola ili ndi batire mkati, ndipo mabatire a lithium ali ndi malamulo ake okhwima, power bank ndiye musayese n'komwe. Njere zimafuna chikalata cha zaumoyo wa mbewu, kuno amapereka ndi a Bureau of Plant Industry, ndipo kwathunso kumafunika chilolezo cholowetsera. Pa kapaketi kamodzi ka ampalaya si zoti mungavutikire. Ngati mukukayika chinthu, chinyamuleni m'mwamba mufunse "Pwede po ba ito?"

Kabaza_Davao
Komanso ampalaya kuwawa kwake, mayi akulakwirani chiyani?

Usipa_Cebu
Ndipo wina asayese kutumiza danggit kapena tuyo. Nsomba zouma kwathu zilipo, ndipo katoniyo ikafika ku Lilongwe agalu onse a ku Kawale adzakhala akuidziwa.

ChamboWaQC
Ine ndinenebe zoona zanga: positi ya chiyani? Kuli DHL, kuli FedEx, amafika m'masiku ochepa. Kapena dikirani December, ana asukulu ambiri amapita kumudzi kudzera ku Addis Ababa, mumpatse mmodzi anyamule.

AChisale_Cavite
Makampani amenewo ndi a mapepala a sukulu achimwene, satifiketi ndi ma transcript, pamenepo inde. Koma katoni ya nsalu? Iwo sapima kulemera kokha, amapimanso kukula kwa katoni: m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi ndi msinkhu m'masentimita, kugawa ndi 5,000, ndipo amatenga chomwe chakula pakati pa nambala imeneyo ndi ya sikelo. Katoni ya 40 ndi 40 ndi 40 imawerengedwa makilo 12.8 ngakhale mutaikamo thonje. Mtengo wake mukhoza kugula nsalu zomwezo ku Limbe kangapo.

Fr_Katipunan
Pa zopatsira munthu ndichenjezeko. Afilipino ali nacho chikhalidwe chimenechi kuposa ife, amati padala, ndipo aliyense wochokera kunja amayembekezeka kubwera ndi pasalubong, mphatso za abale. Koma amadziwanso kuopsa kwake. Mary Jane Veloso, mayi wa kuno, anagwidwa pa bwalo la ndege ku Yogyakarta, Indonesia, mu 2010 ndi heroin wolemera makilo 2.6 wobisidwa m'sutikesi yomwe iye ananena kuti anachita kupatsidwa. Anagamulidwa kuti aphedwe, anapulumuka pa mphindi yomaliza mu 2015, ndipo anabwezedwa kuno mu December 2024. Ndiye ngati mukupatsira mwana wa munthu, mupatseni zosamata, aone chilichonse ndi maso ake, alongedze yekha. Ndipo wonyamulayo akakana musamuone ngati wodzikonda.

Sister_Iloilo
Amen bambo. Ine ndimakana ndithu zomata, ngakhale za mnzanga wa mu kwaya.

Kabaza_Davao
Nanga balikbayan box bwanji? Ndimaona makatoni akuluakulu aja.

Mbuya_LosBanos
Aja amabwera kuno, sachoka kuno. Ndi a Afilipino ogwira ntchito kunja, ku America, ku Saudi, ku Hong Kong, amadzaza chaka chonse n'kutumiza pa sitima ya pamadzi, mtengo wake ndi wa katoni osati wa kilo. Zimatheka chifukwa ali mamiliyoni kunjako, kontena imadzaza msanga. Ife kuno tilipo angati oti tidzaze kontena yopita ku Beira?

Mphunzitsi_Baguio
Za nthawi: positi zambiri ndi Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko mpaka 5. Maofesi a boma kuno ali ndi lamulo loti asamatseke masana pa nthawi ya chakudya, koma pitani m'mawa ndithu, mudzafuna nthawi yolemba fomu ndi kumata. Funso lake ngati mwachedwa ndi "Anong oras po kayo magsasara?" Mukaona wina walowa kutsogolo kwanu musakwiye msanga, pali mzere wapadera wa okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, olumala ndi amayi oyembekezera, ndi lamulo. Ndipo Khirisimasi kuno imayamba mu September, pofika November mizere imakhala ina. Ngati mukufuna zifike chaka chino, sabata ino ndi yabwino kuposa ya mawa.

ChamboWaQC
Amene ali ku Manila asapite ku chinyumba chachikulu chija cha pa Liwasang Bonifacio m'mbali mwa mtsinje wa Pasig poganiza kuti ndiye likulu lotumizirako. Chinapsa mu May 2023. Ndinamva chisoni, chinali chokongola, cha zipilala zija, ntchito ya katswiri wojambula nyumba Juan Arellano. Chinaphwasulidwapo pa nkhondo mu 1945 n'kumangidwanso. Funsani nthambi ya PHLPost, positi ya boma, yomwe ili pafupi nanu, zambiri zimakhala pafupi ndi munisipyo, holo ya tauni.

NaBanda_Silang
Abale ndabwerako. Ndinapita dzulo kukafunsa chabe monga ananenera aphunzitsi, lero ndinapita ndi katoni. Mlonda nditamuti magandang umaga po Kuya anandinyamulira katoni mpaka pa kauntala. Mayi wa pa zenera ndinamuuza kuti konti lang po ang Tagalog ko, anaseka mpaka kugwira pakamwa, n'kuitana mnzake. Za Marawi zinachitikadi a Kabaza, mnzakeyo ndi amene anafunsa kuti "Mindanao?", ine n'kuti hindi po, Africa po, ndipo anachita kutembenuza kompyuta kuti ndiloze ndekha. Laman ndinalimva bwinobwino. Anatulutsa chilichonse, anagwedeza nsapato imodziimodzi, mango anawerenga mapaketi n'kuona ngati ali omata a ku fakitale. Perefyumu, tochi ndi njere ndinali nditachotsa kale.

Koma mtengo! Atanena ndinati pakisulat po, atalemba ndinangoti ang mahal naman po, onse a pamzere kuseka. Ndinakhala pa benchi n'kuyamba kusankha. Nsapato zolemera ndabwera nazo, zatsala kudikira wa December. Zapita ndi nsalu, mango ndi kalata. Risiti yalembedwa Malawi, nambala ikuthera PH, ndaitumiza kale kwa achimwene pa WhatsApp ngakhale kumudzi kunali kusanache.

Mbuya_LosBanos
Mwachita bwino mayi. Masiku anati angati?

NaBanda_Silang
Ndinafunsa ilang araw po. Anayang'anana, wina n'kuti "linggo po, hindi araw." Linggo ndiye chiyani?

AChisale_Cavite
Masabata asisi. Akuti muwerenge masabata, osati masiku. Thokozani kuti sanati buwan, imeneyo ndi miyezi.

Usipa_Cebu
Amene akupita December adzitchule pano, inenso ndili ndi mango a apongozi. Zosamata, bambo mfumu, ndamva.

Kabaza_Davao
Ine ndikupita pa 14 koma ndinyamukira ku Manila ndipo makilo anga atsala anayi okha. Nsapato za ana ndilandira. Ampalaya ayi.